Nthochi za Apongozi Anga

Ine ndine munthu wa nthungululu. Funsani ku Sinda konse, ku tchalitchi, ku mjigo, ku depoti ya thonje. Mwana akabadwa ndine, mbuzi ikaswa mapasa ndine, mvula ikangoti tho tho pa malata lilime langa lili kale m'mwamba, lululu! Anzanga amati mayi uyu adzaimba ndi m'bokosi momwe. Kulemba ndinakuphunzira imvi zili kale mbuu, ndipo cholembera chimanditerera m'manja ngati mlamba. Koma nkhani iyi ndiilemba ndekha, chifukwa tsiku limene ndinaiika m'kamwa mwa wina kuti andinenere, anainena mokhota, ine n'kutaya mdzukulu.

Mwana wanga wamkazi, wachitatu kubadwa, anaphunzira unamwino n'kupita kutsidya kwa nyanja kukasamala nkhalamba za eni ake. Kumeneko anapeza mwamuna. Munthu wa kuno konkuno, koma makolo ake anamutenga ali kumsana, anakulira kozizirako, ndipo amake anamwalira iye akali pa sukulu. Za ukwati anakambirana ndi mlongo wanga pa foni. Ine apongozi angawo ndinkangowaona pa chithunzi, aatali, a magalasi, akumwetulira. Kenaka kunabadwa kamtsikana. Nako ndinkangokaona pa chithunzi, mphumi yanga yeniyeni, mpata wa m'mano wanga weniweni.

Chaka chimenecho, mwezi wa mphepo ndi fumbi, anthu akukonzekera mwambo wa Kulamba ku Mkaika, foni inalira.

"Amama, tafika ku Lusaka. Koma tifunika kubwereranso tikatsirize nchito, miyezi ingapo chabe. Mwana tifuna tim'siye kuno aphunzire kukamba chathu. Kaya kwa inu, kaya kwa azakhali ake a ku Lusaka. Atate ake afuna akuoneni poyamba."

Kwa ine! Mayo ine, kwa ine! Ndinazira nyumba kawiri. Ndinagula mphasa yatsopano ndi neti ya udzudzu. Ndinasankha msoti wa mawangamawanga n'kuuuza kuti iwe mwini wako akubwera. Ndinakazinga nsawawa, ndinasinja, ndinaimba mpaka aneba anati mayi, tisiyireniko nyimbo zina za mawa.

Galimoto inafika m'mawa. Kamtsikana kanatsika koyamba, kadilesi kachikasu, kakuyang'ana nkhuku ngati kaona njovu. Ndisanakanyamule, chitseko china chinatseguka, ndipo apongozi anga anabwera molunjika, manja ali tambalala, n'kundikumbatira. Ine, mayi wobereka mkazi wawo, nkhope yanga pa chifuwa chawo! Ndinauma ngati chitsa.

"Amama," anatero. Chinyanja chawo chinkatuluka chimodzichimodzi ngati munthu wotola nyemba pa mchenga. "Ine ndilibe amama. Manje ndapeza."

Kwathu ku Vubwi kumene ndinabadwira, amayi anga akaona malemu amuna anga akubwera m'njira ankapatukira m'udzu, mtolo wa nkhuni uli pamutu, minga ikuwakala, mpaka munthuyo atadutsa. Sanali kudana nawo, ayi. Ankawasungira ntchafu ya nkhuku, ankawatumizira thobwa lokoma kuposa la atate. Koma kuyang'anana m'maso, ayi. Kukamba nawo mwachindunji, ayi, mawu amadzera mwa mwana. Kudya pamaso pawo ndiye n'kosayamba. Umatafuna pamaso pa mwana wamng'ono, pamaso pa galu, pamaso pa munthu wongodutsa, chifukwa amenewo sakulemera. Koma munthu amene wakusungira mwana wako sumuonetsa mano ndi lilime zikugwira ntchito. Zimatha pokhapokha azimayi akuluakulu atakukhazikani pa mphasa imodzi, nkhuku itaphedwa, n'kukumasulani. Amayi anga anamasulidwa ine nditabereka kale ana awiri. Ife sitinamasulidwe. Tikanamasulidwa liti, munthu ndamuona lero?

Ndinati palibe kanthu, mlendo sathyola mphasa, mwana wanga adzawauza pang'onopang'ono. Ndinayamba kusonkha moto kuti ndiwaphikire, adye m'nyumba, ine ndidyere kukhitchini monga ziyenera.

"Ayi, amama, lero simuphika," anatero mwana wanga. "Kwerani galimoto. Atate ake a mwana akonza kale malo pa Katete."

M'njira anandifotokozera. Kuli bambo wina wophika wotchuka, uja wa pa TV. Ndinkamudziwa, ndinamuonapo pa TV ya kunyumba kwa aphunzitsi: wandevu, wa ndolo kukhutu, amathira mchere dzanja lili m'mwamba ngati akufesa mawere, akukuwa. Ameneyo anali atabwera kuchokera ku Lusaka ndi anthu ake, n'kumanga chitenti chachikulu pa loji ina m'mbali mwa msewu waukulu, kuti agwire alendo a Kulamba. Ati amaphika zakudya za m'misewu ya dziko lonse lapansi. Apongozi anga ankafuna ndilawe zimene iwo anakulira.

Ine kumbuyo, kamtsikana kali pamiyendo panga, kakuseweretsa mikanda yanga. Ndinkati m'tima, kumeneko kudzakhala mbali ya azimayi. Kukapanda kutero kudzakhala kangodya.

Kunalibe.

Tinalowa. Aa, chitenti ngati tchalitchi! M'kati anaikamo timisasa ta malata adzimbiri, ndipo mwana wanga anati malatawo anachita kubwera nawo pa lole dala, dzimbiri lake lomwelo. Ine amene ndakhala moyo wonse ndikupempherera malata oyera! Panali wilibala yopakidwa utoto, njinga yopanda unyolo yopachikidwa m'mwamba, mbendera za mitundu, utsi, nyimbo za chilendo. Msasa uliwonse dziko lake. Ndipo pakati tebulo limodzi lokha, lalitali ngati mzere wa thonje, mabenchi uku ndi uku, anthu akudya moyang'anana. Ati ndi mmene amadyera m'misewu ya kutali, olemera ndi osauka phewa ndi phewa.

Apongozi anga anandikhazika, iwo n'kukhala kutsogolo kwanga kwenikweni, mawondo athu atatsala pang'ono kugundana. Ndinatembenukira kumanzere. Kumeneko anaimika chigalasi chachitali kuti malo azioneka aakulu, ndipo m'chigalasimo munali apongozi anga akundimwetulira. Ndinatembenukira kumanja. Kumeneko anthu akweza mafoni, akujambula mbale zawo. Ndinayang'ana pansi.

Zakudya zinabwera, osati m'mbale koma m'timapepala ndi m'timadengu. Fungo, anthu inu! Ine chidzukire sindinaike kanthu m'kamwa chifukwa cha chimwemwe, ndiye m'mimba munayamba kuimba nyimbo yakeyake. Panali tizikondamoyo ta chimanga topyapyala ngati tsamba, topinda, m'kati muli nyama ndi mapeyala. Panali zingwezingwe zofiirira zokazinga ndi mazira ndi nsawawa. Panali nyama ya patimitengo ngati michopo ya pa siteji, koma yonyezimira ndi uchi. Apongozi ankatchula dziko la chilichonse, mwana wanga akundibwerezera.

Kenaka apongozi anatenga kabanzi koyera mbee, kofewa, kophikidwa ndi nthunzi.

"Amama anga atamwalira," anatero, "pochoka ku sukulu ndinali kugula aka. Kwa mayi mmodzi wokalamba wa ku China, pa kona ya msewu. Kunali kuzizira maningi. Anali kundipatsa kawiri, ndalama ya kamodzi."

Anakanyema pakati. Theka anasunga, theka anandipatsa ndi manja awiri. Wina anawaphunzitsa za manja awiri, koma sanawaphunzitse zinazo.

Ndinaomba m'manja, ndinalandira nditawerama, n'kuika pamiyendo. Ndinakoka mwana wanga pa mkono n'kumunong'oneza.

"Iwe, auze atate ake a mwana. Uwauze kuti ndathokoza ndi mtima wonse, koma sindingadye pamaso pawo tisanamasulidwe. Andikulungire, ndikadyera kwina."

"Amama, dyani chabe. Ivi va kumunzi visiyeni."

"Ndi mawu awiri okha, mwana wanga."

"Musandichititse manyazi pano. Anthu akuyang'ana."

Anatembenukira kwa mwamuna wake n'kulankhula Chizungu, mofulumira, akuseka pang'ono. Nkhope ya apongozi inagwa ndi chisoni. Anagwedeza mutu, n'kundiyang'ana ngati munthu wodwala. Ndinati basi wawauza, ngakhale sindinamvetse chisonicho. Kamtsikana kankayamwa zingwe zija, fyuu, msuzi uli mpaka m'makutu, kakundikoka chitenje. "Ambuya, idya! Ambuya, idya!" Mawu ake oyamba a chilankhulo chathu kwa ine anali amenewo.

Ndiye kunamveka m'manja kuchokera kukhomo. Wophika uja watulukira, ndevu zake, ndolo yake, kumbuyo kwake munthu wonyamula kamera paphewa. Ankayenda m'mbali mwa tebulo, uyu kumusisita paphewa, uyu kumujambulitsa. Atandiona ine ndi duku langa ndi chitenje changa, maso ake anawala ngati waona ndalama pansi.

"Aaa, ambuya! Awa ndiye eni ake a dziko! Bweretsa kamera kuno, iwe. Ambuya, mwalawa chiyani? Palibe? Ayi, ayi, ayi, pa tebulo langa munthu sachoka ndi njala."

Anatola kanyama ndi timitengo tiwiri n'kukabweretsa pamlomo panga.

"Kamodzi chabe, ambuya. Zambia yonse ikuyang'ana. Tiyeni tiwaombere m'manja!"

Tebulo lonse linayamba kuomba. Musaganize kuti sindinadziwe chimene chinali pa kamtengoko. Ndinadziwa. Ndikangotsegula pakamwa, apongozi akondwa, ndipo kamtsikana kagona pa mphasa yanga lero lomwe. Ndinadziuza kuti tsegula, nkhalamba iwe, Mulungu sadzakufunsa za kanyama. Chibwano chinayamba kutsika. Ndinakweza maso pang'ono, ndipo ndinapeza apongozi anga akuyang'ana pakamwa panga penipeni, akumwetulira, akudikira. Dzanja langa linakwera lokha, chitenje n'kuphimba kuyambira mphuno mpaka pachibwano.

Chiseko! Wophika anatembenukira ku kamera.

"Ambuya akuopa kuti ndaikamo kondaine! Ambuya, ndine wokwatira kale!"

Bambo wina wa Chibemba, asuweni athu achipongwe aja, anakuwa kuchokera kumapeto kwa tebulo: "Apatseni mbewa, ndiye azadya!" Tsiku lina ndikanamubwezera za anyani amene amadya kwawo mpaka akanathawa. Tsiku limenelo ndinangobisala kuseri kwa nsalu. Wophika anaponya kanyamako m'kamwa mwake, anthu n'kuombanso, iye n'kupitirira kwa ena. Apongozi anga sankaseka. Ankayang'ana theka lawo la kabanzi.

Amene anandichotsa pamenepo ndi mayi wina wotolera zodyeramo. Ndinkamudziwa, zaka zambiri ankakazinga vitumbuwa pa siteji ya mabasi, tsopano anamulemba ganyu yotsuka m'tentimo. Anayang'ana ine, anayang'ana bambo wa kutsogolo kwanga, basi wamva zonse. Anawerama ngati akupukuta tebulo.

"Ndi apongozi?"

Ndinavomera ndi maso.

"Tiyeni kuseri mukasambe m'manja, mayi."

Anasesera gawo langa lonse m'pepala mwachangu ngati akutaya, ine pambuyo pake. Kuseri kwa tenti kunali dziko lina: zidebe za madzi akuda, makoko a mapeyala, ntchentche, migolo. Anandivundikirira chidebe kuti ndikhalepo, nkhope kuyang'ana ku mpanda.

"Koma mwana wanu uja," anatero. Chizungu amachimva, cha pa siteji. "Mwamva zimene wawauza? Ati m'mimba mwanu ndi mofooka. Ati zakudya zachilendo zimakutsegulani."

Ine? Ine amene ndinadya gaga wowawa chaka cha njala n'kukhala wonenepa? Mtima unawira. Koma njala ilibe mwambo, ndipo pepala linali lofunda pamiyendo. Ndinayamba ndi kabanzi ka apongozi.

Anthu inu, anthu inu! Ndalawapo uchi wa m'phanga, ndalawapo bowa woyamba wa mvula, koma aka! Kofewa ngati tsaya la khanda, m'kati nyama yankhumba yotsekemera, yosungunuka isanafike pa dzino. Ndinadya tizikondamoyo tija, tsabola n'kundiluma, ndimu n'kundipepesa. Ndinakoka zingwe zija ndi zala, fyuu, ngati mdzukulu wanga. Mafuta anatsikira m'zigongono. Mapewa anayamba kuvina okha. Ndinayambitsa kanyimbo pompo, chakudya chili m'kamwa, kakuti apongozi anga andidyetsa dziko lonse, apongozi anga andiyendetsa osakwera ndege. Mayi wa vitumbuwa ankavomera uku akutsuka, tikuseka ngati atsikana. Ndinkawadalitsa, Mulungu ndi mboni, ndinkawadalitsa ndi dzina la ambuye awo onse.

Mayi uja anasiya kuvomera. Chithunzithunzi chinagwera pa mpanda.

Ndinacheuka, masaya ali tuu. Apongozi anga ali chilili, fumbi ku nsapato, m'manja muli phava la nthochi. Anali atatuluka m'tenti, n'kuyenda wapansi mpaka kumsewu waukulu pa dzuwa limenelo, kukandigulira chakudya chimene m'mimba mofooka mungalandire.

Anayang'ana pepala lopanda kanthu. Anayang'ana mafuta m'manja mwanga. Anayang'ana zidebe ndi ntchentche. Ine ndinachita chokhacho chimene thupi langa limadziwa: chitenje kumaso, msana kwa iwo.

"Amama," anatero.

Ndinamva nthochi zikuikidwa pa mgolo. Ndinamva nsapato zikuchoka. Mayi wa vitumbuwa anawathamangira manja ali thovu.

"Abwana, musakhumudwe! Ndi ulemu umenewu!"

Nsapato zinaima.

"Ulemu," anatero apongozi, pang'onopang'ono, ngati munthu amene watafuna mankhwala owawa. Ndipo anapita.

Akanaganiza chiyani? Anauzidwa kuti zakudyazo zimandidwalitsa. Andipeza ndikuzidya mokondwa pa dzala, n'kuwafulatira. Ndiye chimene chinkandidwalitsa sichinali chakudya. Linali tebulo lawo, nkhope yawo, mwana wamasiye wondiitana amama.

Tinabwerera kuchokera pa Katete mpaka kudutsa Sinda, aliyense maso ali pamsewu. Kamtsikana kanagona pachifuwa panga, kakununkha msuzi. Titafika kumudzi ndinadikira kuti atsegule kumbuyo atulutse kachikwama kake kofiira. Sanatsegule. Apongozi anatsalira pa chiwongolero, injini ikulira.

Ndinakokera mwana wanga kuseri kwa nkhokwe.

"Unawanamiziranji? Pita ukawauze zoona, pompano. Mawa ndiitana azimayi, tipha tambala, atimasule. Ndidzadya pamaso pawo mpaka atope."

Ankalira, koma nsagwada zili gwa.

"Amama, simukumudziwa. Zaka zonsezi ndamuuza kuti amayi anga ndi munthu womasuka, woimba, woseka ndi aliyense. Ndimuuze kuti mumabisa pakamwa chifukwa iye ndi mwamuna wanga? Adzati ndiye zimene mudzaphunzitse mwana wake. Kugwada, kubisala, kudyera kuseri. Ndikanena zoona sam'siya. Ndikanama sam'siya. Nanga ndichite bwanji?"

"Ukanandisiya nditayike ndi zoona zanga, osati ndi bodza lako."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Anakanyamula kamtsikana pa mphasa yatsopano pamene ndinakagoneka, kali m'tulo, miyendo ili lende. Kanagonapo nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi. Galimoto inabwerera chambuyo, nkhuku zikubalalika, msoti wa mawanga uli pakati pawo.

Ndinatuma mlongo wanga kuti aimbe foni afotokoze bwinobwino, mwamuna kwa mwamuna. Anaimba. Ati apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti palibe vuto, palibe vuto, zikomo. Mwana anakhala kwa azakhali ake ku Lusaka mpaka makolo atabwera kudzamutenga, n'kupita naye kozizira kuja. Masiku ano akamupatsa foni amati halo ambuya, kenaka ndimamva mapazi akuthamangira kwina. Aphunzitsi anandiuza kuti anandiona pa TV, nkhalamba yobisa pakamwa, wophika akuseka. Ati anaionetsa kangapo chifukwa anthu anaikonda. Ndiye Zambia yonse inaona chitenje changa, ndipo amene akudziwa chimene chinali kuseri kwake ndi mayi mmodzi wotsuka mbale.

Mwana wanga ndimamukonda, ndinamubereka ine. Koma akaimba foni n'kuyamba zakuti amama mwadya chiyani lero, ndimamuuza kuti m'mimba mwanga ndi mofooka.

Nthochi zija sindinazisiye pa mgolo. Mayi wa vitumbuwa anandimangira pa chitenje pamene tinkachoka. Tsiku lomwelo, fumbi la galimoto litatha, dzuwa likupendeka, ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko monga achitira mpongozi wolandira mphatso. Ndinagwada pa mphasa yatsopano, nkhope kuloza ku Lusaka, n'kuomba m'manja kuthokoza. Ndinasenda imodzi, ndinadya. Ndinasenda ina. Zinali zosapsa bwino, zomata m'kamwa, zogula munthu amene sadziwa kusankha nthochi. Ndinadya zonse, osasiyako ngakhale imodzi. Kenaka ndinakweza lilime kuti ndiwaimbire nthungululu yawo, koma panatuluka mphepo yokha.